Gadiyani Wotsala Panja

Chilomoni, m'zaka za m'ma 1980

Ana anga, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala. Chabwino, ndalola. Za ubwana wanga ku Nsanje musaziyembekezere, zimenezo munazimva mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pomwe ndinavala yunifolomu yoyera. Mayina ena ndawasintha, chifukwa namwino woulula za anthu ndi wachabechabe ngakhale atapuma ntchito, ndipo mwini nkhani yaikulu ya muno ndinamufunsa kaye, anandilola.

Ntchito ndinayambira pa kachipatala ka mpingo ku Chilomoni, ndili mtsikana woonda, wapakamwa, wongotuluka kumene kusukulu ya unamwino ndi uzamba. Anandilandira a Sisita Rozina, mayi wamfupi wosadziwa kuseka, amene ankayendera zikhadabo zathu m'mawa uliwonse. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Kuno wodwala sabwera yekha, amabwera ndi gadiyani. Ukafuna kudziwa matenda msanga funsa gadiyani, wodwala amangochita manyazi." Zinalidi choncho. Mayi woyembekezera ankafika ndi apongozi kapena azakhali atasenza beseni, zitenje, nkhuni ndi kapoto. Ukafunsa kuti matenda ayamba liti, oyankha ndi azakhali. Ukafunsa ngati mwana akusewera m'mimba, oyankha ndi azakhali omwewo, ngati mimbayo ndi yawo. Ife sitinkaona vuto. Munthu wofika yekha pachipatala ndiye tinkamumvera chisoni, tinkadziwa kuti kwawo zinthu sizili bwino. Komanso magadiyani ndi amene ankatisunga. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe ngati masokosi a ana, ndipo madzi akasiya pampopi, otsika kukatunga anali magadiyani omwewo. Popanda iwo kachipatala kaja kakanatsekedwa.

Ndirande, m'zaka za m'ma 1990

Pamene ankandisamutsira ku Ndirande, awiri oyambanu munali mutabadwa, ndipo tinkachita lendi kanyumba kaja kamene denga lake linkadonthera mbali ya bambo anu yokha. Zinali zaka za matenda aja. Tinaika anzathu a ntchito, aphunzitsi, madalaivala, makwaya athunthu. Namwino analibe nthawi yolira. Munthu akatisiya unkamutseka maso, kumufunditsa, kusamba m'manja, n'kupita pabedi lina. Ndinalimba mtima ndipo sindipepesa, chifukwa ndikanapanda kutero sindikanatha chaka. Azimayi a mumsika anandipatsa dzina loti Nachangu, poti munthu asanamalize kufotokoza ine ndinkakhala nditakoka kale jakisoni. Kwa ine matenda anali chinthu choti uchione, uchiyeze, uchipatse mankhwala. Zina zonsezo ndinkati ndi ulesi kapena kudzimvera chisoni.

Bangwe, zaka zija mafuta a galimoto anasowa

Ku Bangwe ndinapita kukayang'anira mateniti pa chipatala china cha mpingo womwewo. Woyendetsa chipatalacho anali a Bwanali, bambo wa taye ngakhale mu Okutobala, wosaipa mtima koma woopa bodi yoyang'anira chipatalacho kuposa Mulungu. Kumeneko n'kumene ndinapeza mzamba wachitsikana dzina lake Esitere. Azamba ndawaona ambiri, koma manja ngati a Esitere sindinawaonenso: ang'onoang'ono, ofunda, osapupuluma. Mwana wotsogoza matako, amene enafe tinkatuluka naye thukuta, iye ankamutulutsa akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Anali munthu wachete, woleredwa ndi azakhali ake ku Machinjiri, wokwatiwa ndi kalipentala wa ku Bangwe komweko. Ndinkamunyadira poyera, anzake mpaka kuchita nsanje.

Tsiku lina la mvula, masana, mayi wina anachira bwinobwino mwana wamkazi, kenako anayamba kutaya magazi. Ine ndinali kumsonkhano m'tauni. Esitere anachita zonse zoyenera. Anaika madilipi, anafinya chiberekero ndi manja ake, anaitanitsa ambulansi, koma ambulansiyo inali pamzere wa mafuta kuyambira dzulo lake. Pamene pikapu ya mkulu wina wa mpingo inkafika, mayiyo anali atatisiya, manja a Esitere akadali pamimba pake. Tinaiunika imfayo monga mwa lamulo ndipo aliyense anavomera kuti mtsikanayo sanalakwitse pena paliponse. Ine ndinamuuza zomwe ndinkadziwa kunena: "Imfa ilibe odi, mwanawe. Samba m'manja, pali wina akudikira."

Anagwiradi ntchito masabata angapo ngati palibe chachitika. Kenako m'mawa wina ndinamupeza ataima pakhomo la leba, dzanja lili pachitseko, osalowa, osabwerera, mkati mayi akubuula. Ndinati, "Iwe Esitere, chitsekocho chakugwira?" Manja aja ankanjenjemera ngati a nkhalamba, ndipo fungo la kolorini litamufika anathamangira kuseri kukasanza. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Tinamuyeza malungo, shuga, bipi, mimba, sitinapeze kanthu. Kutali ndi chitseko chija anali munthu wabwinobwino. Ndinamukalipira, ndinamunyengerera, ndinamugwira dzanja kuti tilowe limodzi, anangouma gwa. Mapeto ake ndinamuika ku sikelo kuti azikweza ana, leba tikugawana otsalafe.

Pachipatala nkhani siigona. Azimayi okolopa ankanong'ona kuti abale a malemu aja amutchera. Azakhali ake ankamutengera kuphiri kumapemphero Loweruka lililonse mpaka mawu kusasa. Ndiye a Bwanali anandiitana mu ofesi.

"Sisita, ine ndikumvetsa," anatero. "Koma mzamba wosalowa ku leba ndi mzamba wa chiyani? Pamalo akhalapo ndikhoza kulembapo wina. Bodi ikakumana indifunsa."

"Mundipatseko nthawi, bwana."

"Ndikupatsani, koma dziwani kuti nthawiyo si yanga."

Ndinatuluka ndikudziwa kuti ndikagona, manja abwino kuposa onse amene ndinawaona akathera kumsika kugulitsa kaunjika.

Soche, nyengo yozizira ya chaka chomwecho

Kufuna thandizo la munthu wodwala maganizo mu Blantyre muno ndi ntchito payokha. Ndinayamba ndi mnyamata wathu wopereka uphungu kwa oyezetsa magazi. Anayesetsa, koma uphungu wake unali wa kamwedwe ka mankhwala, ndipo Esitere anatuluka akumuthokoza mwaulemu basi. Dokotala wathu anamupatsa mapilitsi ogonetsa. Anagonadi, n'kudzuka ndi manja omwewo. Wina atatchula za ku mentolo, mwamuna wake anaimirira n'kunena kuti mkazi wake si wamisala, ndipo apo ndinali naye mbali imodzi. Abusa anamupempherera, ine n'kuvomera ameni ndi mtima wonse, koma Lolemba chitseko chinali chomwecho. Mapeto ake ndinakakumana ndi mnzanga wa kusukulu amene panthawiyo ankaphunzitsa anamwino. Iye ndiye anandiuza za Mayi Thombozi, katswiri wa za maganizo amene anaphunzira kunja n'kubwerera, ndipo ankaona anthu kunyumba kwake ku Soche. "Koma iwe Nachangu akakutopetsa," anandichenjeza akuseka. "Ameneyo sabaya jakisoni."

Tinapita atatu Lachinayi masana: Esitere, azakhali ake, ndi ine nditavala yunifolomu dala kuti adziwe kuti akulankhula ndi munthu wachipatala. Azakhali anatenga zitenje ndi fulasiki ya tiyi poganiza kuti mwina amugoneka. Nyumbayo inali imodzi mwa zofanana zija za m'munsi mwa phiri, ndipo kuseri kwake kunali kachipinda. Ndinaponya maso mkati mwachizolowezi. Munalibe sikelo, munalibe makina a bipi, munalibe kabati ya mankhwala. Munali mipando iwiri, sofa wautali woti munthu n'kugonapo, ndi wotchi pakhoma. Mayi Thomboziwo anali a msinkhu wanga, a imvi zosapaka, atavala juzi ndi masilipasi.

Atangotilonjera ine ndinayamba kufotokoza mwadongosolo, ngati popereka lipoti la m'mawa. Azakhali analowererapo ndi za kuphiri ndi za abale a malemu. Esitere anangowerama akupotokola nsonga ya chitenje. Mayiwo anatimvetsera mpaka mawu anatithera, kenako anati, "Zikomo kwambiri. Tsopano ndimve kwa Esitere. Inu awiri, pali benchi pansi pa mtengo wa mapeyalawo."

"Ife ndi magadiyani ake," ndinatero.

"Ndaona, ndipo ali ndi mwayi kukhala nanu. Koma muno amalowa yekha."

"Mwana ameneyu ndamulera ndine, salankhula," anatero azakhali. "Akangokhala duu mumva chiyani?"

"Akakhala duu ndimudikira."

Ndinapsa mtima, ana anga. Ine sisita wa zaka zonsezo, kundikhazika panja ngati wogulitsa mandasi. Tinakhala pabenchipo tikumwa tiyi wa azakhali, makutu ali kuwindo, osamva kanthu. Ola lisanakwane chitseko chinatseguka, Esitere anatuluka opanda ngakhale kapepala ka mankhwala. Ndinamuuza kuti atsogole ndi azakhali, ine ndinatsala.

"Ndiye mwapeza chiyani?" ndinafunsa.

"Lero tangodziwana."

"Mankhwala?"

"Ine sindipereka mankhwala, a Sisita. Alipo amene amafunika mankhwala ndipo ndimawatumiza kwa madokotala. Iyeyu ndikuona kuti akufunika malo olankhulira."

Ananditchulira dzina la njira yawoyo, saikoanalisisi, mawu amene ndinadziluma nawo lilime. Anati wodwala amabwera tsiku lomwelo, ola lomwelo, sabata iliyonse, n'kumanena chilichonse chobwera m'mutu, chaphindu kapena chopusa, ngakhale maloto. Iwo ntchito yawo ndi kumvetsera zimene zikubwerezedwa ndi zimene zikulambalalidwa. "Inu mukuti sanalakwe, nayenso akudziwa kuti sanalakwe," anatero. "Ndiye choimitsa miyendo yake pakhomo paja si chimene akuchidziwa. Nthawi zambiri chatsopano chimagunda pa chakale chimene munthu anachikwirira ali mwana, mwini wake osadziwa n'komwe kuti chilipo. Ndikamuuza ine sizithandiza. Achipeze yekha, ine ndili pambali."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Sindikudziwa."

Chiyambire ntchito ndinali ndisanamvepo wachipatala akunena mawu amenewo pamaso pa gadiyani. Ndinati abwana anga afuna lipoti. Anati akhoza kutsimikiza kuti Esitere akubwera, basi, koma zolankhulidwa m'chipindamo sadzauza abwana, azakhali, mwamuna wake, ngakhale ineyo. Mu minibasi pobwerera azakhali anati amenewo ndi akuba ovala juzi. Ine sindinawatsutse. Komabe ndinaona chinthu chimodzi: Esitere, amene kwa dokotala ndi kwa abusa ankangoti zikomo, anafunsa yekha ngati Lachinayi lotsatira ndingamupatse mpata masana.

Ndinakonza mashifiti kuti Lachinayi masana Esitere azikhala womasuka. Azakhali anasiya kubwera, koma ine ndinkamuperekezabe ndikapeza mpata, chifukwa kutumiza wodwala yekha thupi langa linkakana. Benchi ija ndinaidziwa bwino. Masiku ena ankatuluka maso ali psuu, masiku ena atakwiya. Tsiku lina anati, "Mayi amenewa amangondiyang'ana ngati azakhali. Ndikawafunsa chochita akuti, iwe ukuganiza bwanji?" Ndinati ngati zili choncho tisiye. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Miyezi inkapita, iye akadali ku sikelo, ndipo a Bwanali akandiona pakhonde ankangokweza nsidze.

Bangwe ndi Soche, nyengo yotentha

Zinthu zinafika poipa pamene Mayi Thombozi anachoka kukaona mwana wawo kunja. Anamuuziratu Esitere kukadali nthawi, n'kumutchulira Lachinayi limene adzabwerere. Kwa ine inali nkhani wamba, aliyense amapita ku holide. Koma sabata yoyamba yomweyo Esitere anasiya kubwera kuntchito. Nditapita kwawo ndinamupeza atagona pamkeka masana, atayang'ana kukhoma, mwamuna wake atasowa pogwira. Azakhali anali atafika ndi chikwama, akuti amutengera kumudzi ku Thyolo, za tauni zalephera.

"Dzuka iwe," ndinatero. "Mayi aja abwera, anakuuza tsiku."

"Sabweranso amenewo."

"Wamva kwa ndani?"

"Munthu akati ndapita ulendo sabwera, a Sisita. Onse amatchula tsiku."

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinangopempha azakhali kuti chikwamacho chidikire mpaka Lachinayi lotchulidwalo. Anavomera monyinyirika, akuti ulemu wa yunifolomu.

Sabata yomweyo a Bwanali anandiitananso, ulendo uno akumwetulira. Akuluakulu a mpingo anali atandisankha kuti ndikakhale metironi pa chipatala chawo chachikulu kunja kwa Blantyre, nyumba ya mpanda ndi zonse. Ndinali nditaulakalaka udindo umenewo kuyambira masiku a Sisita Rozina, sindibisa. Kenako anafika pa nkhani ya Esitere. "Dokotala wanu uja akuti chiyani?"

"Akuti akubwera."

"Basi?"

"Basi."

"Sisita, ine ndikauze bodi kuti akubwera? Pano sakubwera n'komwe kuntchito." Anavula magalasi. "Ndinene mosabisa. Mzimayi ameneyu akadali pano chifukwa mashifiti ake a ku leba mukugwira ndinu. Amene adzalowe m'malo mwanu sadzavomera zimenezo, ndipo ine sindidzamukakamiza. Mukapita, nayenso apita. Muganize, mundiyankhe Lolemba."

Ndinalibe umboni uliwonse woti mtsikanayo adzachira. Ndinali nditangoona benchi, chitseko chotseka, ndi mayi wa juzi woyankha kuti sindikudziwa. Kunyumba ndinafunsa bambo anu maganizo awo. Anapitiriza kupukuta nsapato zawo n'kunena kuti, "Iwe ukamandifunsa umakhala utaganiza kale." Lolemba ndinakawauza a Bwanali kuti athokoze akuluakulu, ine nditsala ku Bangwe, ndipo mashifiti a Esitere ndipitiriza kugwira, chikalakwika alembe dzina langa. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mwayi wotere subwera kawiri. Ananena zoona, sunabwerenso. Ndiye amene mumandifunsa chifukwa chake ndinapuma ndili sisita anzanga ali mametironi, yankho ndi limeneli.

Lachinayi lija litafika ndinachita kumukoka Esitere kukwera naye minibasi. Titalowa pageti, chitseko cha kachipinda chinali chotsegula, Mayi Thombozi ataima pakhomo, ola lomwelo, masilipasi omwewo. Ine ndinkayesa mtsikanayo asangalala. Anangowadutsa osapereka moni, chitseko n'kutsekedwa. Ndinakhala pabenchi. Posakhalitsa ndinamva mawu amene ndinali ndisanawamvepo: Esitere akukalipa. Wachete uja, woimba chapansipansi uja, ankakalipira munthu wamkulu ngati wamubera. Kenako kukalipako kunasanduka kulira, kulira kwa pamaliro kwenikweni, kochokera m'mimba. Ndinaimirira. Miyendo inandifikitsa mpaka pakhomo, dzanja litakwera kale kuti ndigogode, chifukwa kwathu munthu akamalira chotero sumusiya, umalowa, umamugwira, umamuuza kuti tonthola. Ndinaima pamenepo ndikumvetsera ngati mayi aja amutonthoze. Sanamutonthoze. Anamusiya alire. Ndinatsitsa dzanja n'kubwerera pabenchi, ndipo pa ntchito zonse zimene ndinagwira pa moyo wanga, yovuta kwambiri inali kukhalanso pansi tsiku limenelo.

Potuluka anali wotopa ngati wachira kumene. Pasiteji anagula chimanga chootcha, n'kudya chonse. Madzulo ake anauza azakhali kuti kumudzi sapita, ndipo mawa lake anabwera ku sikelo. Lachinayi lotsatira anandiuza mwaulemu kuti ndisavutike kumuperekeza. Zinandiwawa pang'ono, koma ndinamusiya.

Bangwe, mvula itayambanso

Sindinamufunsepo zimene ankakamba kumeneko. Anandiuza yekha tsiku lina sikelo itatha, tikupinda timatumba tokwezera ana, azimayi onse atapita.

"A Sisita, mukudziwa kuti amayi anga anamwalira pobereka?"

"Ndinamvapo."

"Ndinali wamng'ono. Matenda atayamba ananditumiza kukasewera kwa aneba. Pobwera amayi kulibe. Azakhali anati apita ku Joni kukagwira ntchito, adzabwera pa Khirisimasi. Tsiku la maliro ananditengera kumudzi wina. Ndinkakhala kumsewu kudikira basi ya ku Joni. Khirisimasi ikadutsa ankati ya chaka chamawa. Zoona ndinazimva kusukulu, mnzanga akundinyoza nazo. Kunyumba sindinafunse, iwonso sananene, mpaka lero."

Ndinangoti, "Pepa, mwanawe." Azakhali aja sanachite mwankhanza. Tonse tinakula tikudziwa kuti mwana sauzidwa za maliro, amati angadwale nazo mtima.

"Tsiku la mayi wotaya magazi uja," anapitiriza, "nditatuluka kukasamba m'manja, pakhonde panali kamwana kake kena kakakazi. Ndinamva gadiyani akukauza kuti amayi ako apita kuchipatala chachikulu, abwera mawa. Ndinaiwala kuti ndinamva zimenezo, a Sisita. Ndinaiwaliratu. Ndazikumbukira pa sofa paja, Mayi Thombozi atabwerako ku ulendo." Anasiya kupinda. "Kuti amayi anafa ndinkadziwa. Chimene sindinkadziwa n'choti ndinali ndikuwadikirabe."

Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene Mayi Thombozi anatisiyira panja. Nkhani imeneyi sikanatuluka azakhali ali pompo, ndipo ine Nachangu ndikanaidula pakati ndi malangizo. Patapita masabata angapo anapempha tchuthi, anapita ku Thyolo ndi azakhali akewo, ndipo anamuonetsa manda a amayi ake. Zimene anakambirana kumandako sanandiuze.

Sanachire tsiku limodzi ngati malungo. Anayamba ndi kulowa mu leba muli mopanda munthu, kukonza mashelefu. Kenako ankaima pambali panga kundipatsira zida. Masiku ena ankatuluka pakati. Ine ndinasiya kumukankha, chinthu chimene anzanga ankati ndi chozizwitsa choposa kuchira kwakeko.

Ndiye linafika tsiku lina m'mawa, mvula ikugwa, mzamba mnzanga atatsekeredwa ndi madzi kutsidya kwa mtsinje. Ndinali ndekha ndi mayi wa mapasa, woyamba atatuluka, wachiwiri akuchedwa. Pomwepo analowetsa mtsikana wa mimba yoyamba, mutu wa mwana ukuoneka kale. Manja anga onse anali otanganidwa. Ndinakuwira wokolopa kuti aitane dokotala, ngakhale ndinkadziwa kuti ali kutali. Kuseri kwa katani ndinamva chitseko, kenako madzi akutuluka pasinki, kenako magolovesi. Apongozi a mtsikanayo anayamba kufotokoza, ndipo ndinamva mawu a Esitere akuti, "Zikomo amayi, dikirani pakhonde. Iwe, dzina lako ndani? Chabwino Mphatso, ine ndine Esitere, ndili pompano, sindichoka." Sindinasuzumire. Ndinayang'ana ntchito yanga, makutu ali kuseri. Wapasa wachiwiri atalira, sipanapite nthawi, kuseri nako kunalira mwana. Kenako kunali zii, nthawi ija yodikira kuti tione ngati magazi asiya, ndipo mtima wanga unali m'malere. M'kachetechetemo ndinamva nyimbo ya kwaya chapansipansi.

Titamaliza tinakhala mu kachipinda ka anamwino. Ndinamuthirira tiyi. Ponyamula kapu, tiyi anatayikira m'sosala.

"Akunjenjemerabe, a Sisita," anatero akuyang'ana manja ake.

"Mkati muja ananjenjemera?"

"Ayi."

"Ndiye asiye, amaliza ntchito yawo."

A Bwanali anasuzumira pakhomo, atamva kale kwa okolopa. Anayang'ana epuloni ya Esitere, anayang'ana ine, anakonza taye yawo n'kufunsa ngati sabata yamawa angamulembe pa mashifiti a ku leba. Ndisanatsegule pakamwa Esitere anayankha yekha. Anati amulembe masiku onse, kupatula Lachinayi masana.

Kwa Mayi Thombozi anapitabe nthawi yaitali pambuyo pake, mpaka anagwirizana okha awiri kuti zakwana. Pamene ndinkapuma ntchito, makiyi a mateniti ndinapereka m'manja mwake. Ana amene wabadwitsa chichokere tsiku la mvula lija adzaza masukulu a ku Bangwe, ndipo ndikamawaona akuweruka, ndili pakhonde panga pano, umetironi uja sindiukumbuka n'komwe. Ndimanyada, ana anga, ndipo muwauze ana anu kuti agogo awo ankanyada.